Fani ya kompyuta ikamalira: kodi ndi vuto kapena ayi?

Tiyerekeze kuti muli ndi kashopu pafupi ndi msika wa Mandimba. Mumalembera anthu makalata, mumasindikiza zithunzi, mumaikira achinyamata nyimbo m'mafoni. Ndi mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka. Mwadzidzidzi kompyuta yanu yayamba kulira mokweza: fuuu! Kasitomala akufunsa kuti, "Kodi achimwene, makina anuwa sakupsa?" Inunso mtima wakwera m'mwamba. Muzime? Mupite nayo kwa okonza?

Funso limeneli ndi la ndalama. Ngati okonza apafupi alephera, ulendo ndi wa ku Cuamba kapena ku Lichinga, ndipo konseko ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchoka ku Mandimba. Kunyamula kompyuta yabwinobwino ulendo wonsewo ndi kutaya ndalama ya chapa ndi tsiku lonse la ntchito. Komanso kunyalanyaza kompyuta imene ikudwaladi kungakuphereni bizinesi. Ndiye ndi bwino kudziwa kusiyanitsa.

Chimene chikulira m'katimo ndi fani. Pa Chipwitikizi amati ventoinha. M'nkhani ino tiona chifukwa chake fani imasintha kaliridwe, phokoso limene si vuto, ndi phokoso limene likukuitanani kuti muchitepo kanthu.

Kutentha kumachokera kuti?

M'kati mwa bokosi la kompyuta muli kachipangizo kakang'ono kotchedwa pulosesa. Ndi kamene kamawerengera ndi kuyendetsa ntchito zonse. Kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi bokosi la machesi. Magetsi akamadutsa m'kachipangizoka amasanduka kutentha. Ntchito ikachuluka, magetsi amadutsa ambiri, kutentha nakonso kumachuluka. Pulosesa ya kompyuta wamba ya mu ofesi imatha kudya mawati 65 ikamagwira ntchito yolemetsa. Ganizirani babu lakale lija la mawati 60 m'mene linkaotchera dzanja. Tsopano kutentha konseko kuli pa kanthu kakang'ono.

Kuti pulosesa isapse, pamwamba pake amaikapo chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi timapiko tambirimbiri. Mukayang'ana injini ya njinga yamoto muona zofanana nazo. Timizere tachitsulo tija ta pa injini timatulutsa kutentha mphepo ikamawomba njinga ili pa liwiro. Koma kompyuta siyenda, imangokhala pa tebulo. Choncho imafunika kudzipangira mphepo yakeyake. Imeneyo ndiyo ntchito ya fani.

Mafani alipo angati?

Bokosi lija anthu ambiri amangolitcha CPU. Mukalitsegula mupeza mafani awiri, atatu kapena kuposerapo.

Yoyamba ndi fani ya pulosesa. Imakhala pamwamba pa chitsulo cha timapiko chija. Iyi ndiye yofunika kuposa zonse.

Yachiwiri ili m'kabokosi kachitsulo kamene waya wa magetsi amalowamo, kumbuyo kwa kompyuta. Kabokosika pa Chipwitikizi amati fonte. Kamatenga magetsi a mavoti 220 ochokera pa khoma n'kuwatsitsa kukhala mavoti 12, 5 ndi 3.3 amene zipangizo za m'kati zimafuna. Nakonso kamatentha, ndiye kali ndi fani yake.

Yachitatu ndi fani ya bokosi lenilenilo. Nthawi zambiri imakhala kumbuyo ndipo imatulutsa mpweya wotentha. Makompyuta ena ali ndi inanso kutsogolo yolowetsa mpweya wozizira.

Makompyuta a masewero ndi okonzera mavidiyo amakhalanso ndi khadi la zithunzi, lokhala ndi fani imodzi, ziwiri kapena zitatu.

Mpweya umayenda njira imodzi: umalowa kutsogolo kapena m'mbali, umadutsa pa zipangizo zotentha, n'kutulukira kumbuyo. Ikani dzanja kumbuyo kwa bokosi. Mukamva kamphepo kofunda, dziwani kuti ntchito ikuyenda. Kufundako ndi kutentha kumene kwachotsedwa m'kati.

Izi si vuto

Chinthu chachikulu choti mugwire ndi ichi: fani siyenda liwiro limodzi. Pa pulosesa pali kachipangizo koyeza kutentha. Kutentha kukakwera, kompyuta imauza fani kuti ithamange. Kukatsika, imaiuza kuti ichepetse. N'chimodzimodzi ndi munthu amene akupalasa njinga. Pachigwa amapuma pang'onopang'ono, pachitunda amapumira m'mwamba. Kupuma mwamphamvu pachitunda si matenda.

Choncho zinthu izi musadandaule nazo.

Kulira mokweza pongoyatsa. Makompyuta ambiri amayamba ndi kuzunguza mafani pa liwiro lonse kwa masekondi ochepa, kenako amatsika. Pa nthawi imeneyo kompyuta imakhala isanayambe kulamulira liwiro lawo. Magetsi akazima n'kubweranso, ena amazunguza mafani pang'ono, n'kuima, osayaka. Zimenezonso zimachitika.

Kukwera ndi kutsika malinga ndi ntchito. Mukamalemba kalata, fani imangoti fuu chapansipansi. Mukatsegula vidiyo, masewero kapena masamba ambiri a pa intaneti, imakweza mawu. Mukatseka, pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri imabwerera mwakale.

Kulira inu musakuchita kanthu. Nthawi zina Windows imakhala ikudzikonza yokha, kapena pulogalamu yoteteza ku mavairasi ikufufuza m'mafayilo. Inu simukuona, koma pulosesa ili pa ntchito. Dikirani mphindi khumi kapena makumi awiri muone ngati itsika.

Fani ya khadi la zithunzi itaima. Makhadi ambiri atsopano amaimitsiratu mafani awo akakhala ozizira, ndipo amawayambitsa kutentha kukafika madigiri 50 kapena 60. Mafonte ena amakono amachitanso chimodzimodzi. Koma fani ya pulosesa pa makompyuta ambiri imazungulira nthawi zonse kompyuta ikayaka.

Fani yaing'ono kulira kuposa yaikulu. Mafani ambiri ndi a mamilimita 80, 92 kapena 120. Yaing'ono imayenera kuthamanga kwambiri kuti ikankhe mpweya wofanana ndi wa yaikulu. N'chifukwa chake timakompyuta tating'ono topyapyala ta mu ofesi timalira mawu osongoka tikapanikizika.

Liwiro la fani amaliyeza ndi zilembo zitatu, RPM. Tanthauzo lake ndi maulendo amene fani yazungulira pa mphindi imodzi. Mukaona 1,200 RPM, ndiye kuti ikuzungulira ka 20 pa sekondi iliyonse. Fani ya pulosesa wamba imatha kuyenda pafupifupi 1,000 ntchito ikachepa, ndi kupitirira 2,000 ntchito ikachuluka.

Nyengo ya kwathu imasintha kaliridwe

Fani sipanga mpweya wozizira ngati filiji. Imangokoka mpweya umene uli m'chipindamo. Ngati m'shopu mwafika madigiri 35, pulosesa singazizire kutsika pamenepo, ngakhale fani ithamange chotani.

Ndiye kompyuta yomweyomweyo imalira mosiyana mu Juni ndi mu Novembala. M'nyengo yozizira imakhala phee. M'chilimwe, makamaka masana m'nyumba ya malata yopanda siling'i, imalira kwambiri. Malo nawonso amasiyanitsa. Ku Cuamba ndi kotsika ndipo kumatentha. Mukakwera cha ku Massangulo, m'boma la Ngauma, mpaka ku Lichinga, kumazizirapo. Mnzanu wa ku Lichinga akakuuzani kuti yake simveka n'komwe, musafulumire kuganiza kuti yanu yawonongeka.

Nanga kutentha koyenera ndi kotani? Pulosesa ikakhala kuti sikugwira ntchito yambiri, imakhala pakati pa madigiri 35 ndi 50. Pa ntchito yolemetsa imatha kufika 70 mpaka 85. Ikayandikira 95 kapena 100, imadziteteza yokha. Choyamba imachepetsa liwiro, ndiye inu mumaona kompyuta ikuchedwa. Zikapitirira imazima yokha. Kuzimako ndi njira yodzipulumutsira kuti isapse.

Mdani wamkulu ndi fumbi

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi limakhala paliponse. Galimoto ikadutsa, mphepo ikawomba, mwana akasesa, fumbi limauluka. Fani imakoka mpweya tsiku lonse, ndipo imakoka ndi fumbi lomwe. Ngati shopu yanu ili pafupi ndi chigayo, ufa umalowanso. Kumene amasunga thonje kapena fodya, tizidutswa take timalowa. Utsi wa makala ndi wa nyali umachititsa fumbilo kumata.

Fumbi limakakhala pakati pa timapiko ta aluminiyamu tija. Pakapita miyezi limaumbika ngati kabulangeti. Mpweya sudutsanso. Fani imazungulira mwamphamvu koma pulosesa sizizira, ndiye kompyuta imaiuza kuti ithamangebe. Zotsatira zake ndi phokoso losatha. Apa fani ilibe mlandu. Yakhala ngati munthu amene akuuzira moto atatsekedwa pakamwa ndi nsalu.

M'bokosi mumafunda, choncho mphemvu, akangaude ndi analimata amakonda kulowamo. Nalimata mmodzi akhoza kuimitsa fani, kapena kuwotcha fonte.

Izi ndiye zizindikiro za vuto

Tcherani khutu. Phokoso la mpweya ndi losalala, lija la fuuu. Phokoso la vuto limamveka kuti chinachake chikukhudzana ndi chinzake.

Kukhulana, kwa gwee kapena khorrr. Pakati pa fani pali beringi, monga ya pa gudumu la njinga. Mafuta ake akauma kapena fumbi likalowa, imayamba kudyeka. Kawirikawiri phokosoli limamveka m'mawa pongoyatsa, n'kusiya pakapita mphindi zingapo. Kusiyako sikutanthauza kuti yachira. Yayamba kutha, konzekerani kugula ina.

Kugunda, kwa te-te-te mofulumira. Nthawi zambiri ndi waya amene wakhudza mapiko a fani. Vuto ili ndi losavuta. Zimani kompyuta, sunthani wayayo, mumumange pambali.

Kunjenjemera kwa bokosi lonse. Mwina sikuluwu yamasuka, kapena phiko limodzi la fani lathyoka.

Kulira pa liwiro lonse osatsika, ngakhale m'mawa kukuzizira ndipo simukuchita kanthu. Apa ganizirani zinthu zitatu. Choyamba ndi fumbi. Chachiwiri ndi phala lotuwa limene amapaka pakati pa pulosesa ndi chitsulo chija kuti kutentha kudutse bwino. Pa Chipwitikizi amati pasta térmica, ndipo pakapita zaka limauma. Chachitatu ndi pulogalamu kapena vairasi imene ikugwiritsa pulosesa ntchito mobisa. M'mashopu oikira nyimbo, momwe mafulashi a anthu osiyanasiyana amalowa tsiku lonse, zimenezi si zachilendo.

Kukhala zii, bokosi lili lotentha. Ichi ndiye choopsa kuposa zonse, chifukwa sichisokosa. Munthu amasangalala kuti phokoso latha, osadziwa kuti fani yafa. Ngati kumbuyo sikukutuluka mpweya, kompyuta ikuchedwa, kenako ikuzima yokha pakapita mphindi zochepa, musaiyatsenso mpaka mutaona chimene chavuta.

Uthenga pa sikirini pongoyatsa. Makompyuta ena amalemba pa Chingerezi kuti "CPU Fan Error". A HP amalemba nambala 511 fani ya pulosesa ikakhala kuti sikupezeka. Amakuuzani kuti mudinde F1 kuti mupitirize. Anthu ambiri amangodinda tsiku ndi tsiku. Musatero musanaone ndi maso anu ngati faniyo ikuzungulira. Mwina ndi kawaya kake kokha kamene kazuka.

Mafani kuthamanga kwambiri koma sikirini ili bii. Apa vuto kawirikawiri silikhala la fani. Kompyuta yalephera kuyamba, mwina chifukwa cha memori imene yamasuka kapena chipangizo china. Kugula fani yatsopano sikungathandize.

Fungo la waya wopsa kapena utsi. Zulani pulagi pa khoma nthawi yomweyo.

Dzifufuzireni nokha musanalipire munthu

Yambani ndi dzanja ndi khutu. Kodi mpweya ukutuluka kumbuyo? Kodi phokoso likuchokera pa fonte, kapena pakati pa bokosi?

Kenako onani ngati pulosesa ili pa ntchito. Pa Windows dindani mabatani atatu pamodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka tsamba lotchedwa Task Manager. Yang'anani nambala ili pansi pa CPU. Ngati ili pa 80 kapena 100 peresenti, fani ili ndi chifukwa chomveka cholirira, ndipo muona dzina la pulogalamu imene ikudya mphamvu. Ngati nambala ili pansi, monga 5 kapena 10, koma fani ikubangula, vuto ndi fumbi kapena phala lija.

Pomaliza, zimani kompyuta, zulani pulagi, tsegulani chitseko cha m'mbali. Walitsani tochi ya foni. Onani fumbi, onani mawaya. Zunguzani fani iliyonse ndi chala. Yabwino imazungulira mofewa n'kuima pang'onopang'ono. Yakutha imalimba kapena kugwedera. Mukhozanso kuyatsa kompyuta kwa kanthawi chitseko chili chotsegula, kuti muone ngati mafani onse akuzungulira. Ingoyang'anani, musapisemo dzanja.

Kuchotsa fumbi

Zimani kompyuta ndi kuzula pulagi pa khoma. Dindani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Tulutsani bokosi panja, pamthunzi. Musanakhudze za m'kati, gwirani kaye chitsulo cha bokosilo. Thupi la munthu limasunga timagetsi tochepa, makamaka nyengo youma, ndipo tingawononge zipangizo.

Gwiritsani ntchito burashi yofewa, youma, monga yatsopano yopentera. Pukutani mapiko a fani, timapiko ta aluminiyamu, ndi timabowo ta kutsogolo ndi kumbuyo. Pofuna kuuzira fumbi, pompi ya njinga imathandiza. Pouzira, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, chifukwa kuizunguza mopitirira muyeso kumawononga beringi. Musauzire ndi pakamwa, malovu amalowa. Madzi ndi nsalu yonyowa ayi.

Chitsulo cha pamwamba pa pulosesa musachichotse ngati mulibe phala latsopano. Mukachichotsa n'kuchibwezera pa phala lakale, kutentha kumawonjezeka.

Fonte musaitsegule ngakhale pang'ono. M'kati mwake muli zipangizo zimene zimasunga magetsi amphamvu ngakhale pulagi itazulidwa. Zikhoza kupha munthu. Uzirani fumbi kudzera m'timabowo basi. Fani yake ikafa, asiyireni amisiri odziwa kapena gulani fonte ina.

Malo a fumbi ngati athu kuno, ndi bwino kuyeretsa miyezi itatu iliyonse. Mukalephera, chitani kawiri pa chaka: chilimwe chisanafike pachimake, ndiponso mvula ikayamba fumbi litakhazikika.

Zolakwa zimene ambiri amachita

Ena phokoso likawatopetsa amazula waya wa fani, kapena kuitsekereza ndi kamtengo. Ena amaganiza kuti akupulumutsa mayunitsi a Credelec. Fani imodzi imadya mawati 1 mpaka 3 okha, pang'ono kuposa babu laling'ono la m'nyumba. Simupulumutsa kanthu, koma mukhoza kutaya kompyuta yonse.

Ena amafunditsa bokosi ndi chitenje poopa fumbi. Kompyuta ikazima n'kuzizira, kufunditsa ndi nzeru yabwino. Ikamagwira ntchito, chotsani nsaluyo.

Ena amaika bokosi pansi pa simenti kapena pa dothi, pomwe fumbi limachuluka, kapena amalitsekera m'kabati. Liikeni pa tebulo. Kumbuyo musiye mpata wokwana chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchoka pa khoma, ndipo lisakhale pomwe dzuwa likuwomba.

Ena amathira mafuta ophikira mu fani yolira. Mafuta amenewa amamata, amakoka fumbi, ndipo fani imalimba msanga. Kadontho ka mafuta a makina osokera kangaithandize kwa kanthawi, koma mankhwala enieni ndi kusintha fani.

Pokagula fani ina

Nyamulani fani yakaleyo mupite nayo ku sitolo. Yatsopano ikhale ya kukula kofanana ndiponso ya mavoti 12. Werengani timabowo ta pa kapulagi kake. Zina zili ndi 3, zina 4. Ya 4 ili ndi waya wowonjezera amene kompyuta imagwiritsa ntchito polamulira liwiro bwinobwino. Mukaika ya 3 pamalo pa ya 4, pa makompyuta ena imangothamanga liwiro lonse osatsika. Makompyuta ena a Dell ndi HP ali ndi timapulagi tawotawo tosiyana ndi tina, ndiye kuyerekeza ndi yakale kumathandiza.

Poika, samalani mbali. Mpweya umatulukira mbali imene kuli timikono togwira mota ya fani, komwe nthawi zambiri kumakhala kapepala kolembapo mavoti. Mafani ena ali ndi kamuvi m'mbali kosonyeza njira ya mpweya. Fani ya kumbuyo kwa bokosi iyenera kukankhira mpweya kunja. Mukaitembenuza, kutentha kumabwerera m'kati.

Fani ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo m'kompyuta. Zimene imateteza ndi zodula: pulosesa, bolodi, ndi mafayilo a makasitomala anu.

Dziwani mawu a kompyuta yanu

Woyendetsa njinga yamoto amadziwa kulira kwa injini yake. Ikasintha pang'ono amamva, ngakhale wokwera sanamve kanthu. Inunso chitani chimodzimodzi. Mawa m'mawa, mukayatsa kompyuta, khalani chete mphindi imodzi. Mverani m'mene ikuyambira ndi m'mene ikutsikira. Masana, dzuwa litakwera, mveraninso. Ikani dzanja kumbuyo mumve mphamvu ya mpweya. Mukachita zimenezi masiku angapo, mudziwa kaliridwe kake ka nthawi zonse.

Ndiye tsiku lina kasitomala akadzafunsa ngati makina anu akupsa, mudzaika dzanja kumbuyo kwa bokosi. Ngati mpweya ukutuluka, phokoso lili losalala, ndipo likutsika ntchito ikatha, mudzamuyankha kuti, "Ayi bambo, ikungodzikupiza, kwatentha lero," n'kupitiriza kulemba kalata yawo. Koma ngati kumbuyo kuli zii bokosi likuotcha, mudzasunga ntchitoyo, mudzazima, n'kutenga tochi ndi burashi.